Migolo Yabuluu ya a Harun

A Harun ankagulitsa migolo yapulasitiki ku Mchesi. Mu 2006, madzi akuvuta m'mipopi, anagula migolo khumi ndi iwiri yabuluu kwa munthu wina wa lole. Anaitsuka ndi sopo, umodzi n'kusiya pakhomo, ina yonse anthu anaitha sabata imodzi.

Posakhalitsa akazi awo, a Salama, anayamba kusanza ndi kumva chizungulire. Kuchipatala anati si malungo.

Tusekele, mtsikana woyandikana nawo nyumba yemwe ankagwira ntchito ku labotale, anabwera kudzazonda matenda. Atapatsidwa madzi akumwa a mumgolo uja, anawanunkhiza n'kuwaika pansi. Anapempha mpeni, napala zinthu zachikasu zomwe zinakanirira m'chivundikiro cha mgolo.

Mawa lake masana anabwera ndi pepala lokhala ndi mzere wokwera ndi kutsika.

"Abambo, kuntchito tili ndi makina a infuraredi," anatero. "Amawalitsa kuwala kosaoneka ndi maso pa chinthu, ndiye chinthu chilichonse chimatulutsa mzere wakewake. Uwu ukufanana ndi wa mankhwala ophera tizilombo m'munda."

"Komatu ndinatsuka kawiri."

"Amalowerera m'pulasitiki. Sopo sangawachotse. Amayi abwerere kuchipatala ndi pepalali. Ina ija munagulitsa kwa ndani?"

A Harun anabwereka wilibala yoti akatolere migoloyo. Masiku atatu anayenda khomo ndi khomo ku Mchesi, ku Biwi mpaka ku Kawale. Ena anawatukwana. Bambo wina anakana, akuti akufuna kumubera mgolo, mpaka Tusekele anapita yekha kukamufotokozera. Migolo khumi inabwerera, a Salama nawonso anayamba kupeza bwino.

Mgolo wotsalawo anagula mayi wina wa ku Chinsapo, dzina lake a Harun sankalidziwa. Anafunsafunsa pamsika kumeneko sabata yathunthu. Anamupeza pageti pa sukulu ina ya pulaimale, akutunga thobwa mumgolo wabuluu, ana ali pamzere.

A Harun anagwira chikho chisanafike kwa mwana. Mayiyo, dzina lake Vaileti, anawamvetsera mpaka kumaliza.

"Sabata zitatu ndikugulitsa pano," anatero motsitsa mawu. "Ana ena sakubwera kusukulu. Ndimayesa ndi malungo."

Anathandizana kukhuthulira thobwalo mu ngalande.

"Nanga makolo ndikawauze chiyani?"

"Ndilankhula ndine," anatero a Harun. Anapukuta manja m'malaya, n'kufunsa mwana wina komwe kuli ofesi ya aphunzitsi aakulu.