Ulusi Wofiira pa Bondo

Ntchito za tsiku limenelo zinali zodziwika kale: kutunga madzi mpopi usanaume, kukolopa, kusita malaya a bambo ake, kuchapa zovala za adona a kumtunda omwe ndimawachapira, kenako kumuthamangitsira Kamphepo kusukulu. Chomalizachi ndi chomwe chinakanika.

Kamphepo ndi mwana wanga woyamba, wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa akayamba kuthamanga palibe womugwira. Koma m'mawa umenewo anangokhala pakhomo atagwira bondo.

"Amayi, likuwawa."

"Liti?" anafunsa bambo ake akumanga nsapato. Iwo amawotcherera zitsulo, ndiye kwa iwo chinthu chikathyoka chimathyokera malo amodzi.

"Lamanjali."

"Iwe, dzana si unkalira lamanzere? Matenda akowa ali ndi njinga eti? Ungonena kuti masamu akukuvuta."

Anatsegula chitini changa cha singano, n'kudula ulusi wofiira, n'kumumanga pabondo lamanjalo. "Apa ndi pomwe wanena wekha. Ndikabwera n'kupeza ululu wasamuka, tikambirana bwino."

Ine sindinatsutse. Zovala zinali zitanyikidwa kale m'beseni, ndipo mwana wokana sukulu si chachilendo.

Dzuwa litakwera ndinalowa m'nyumba kukatenga sopo. Ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko, misozi ili mbwembwembwe, akulimbana ndi mfundo ya ulusi uja ndi zikhadabo.

"Ukutani?"

"Ndikufuna ndiumange pakakolo. Pakuwawa ndi apa tsopano. Adadi akabwera anena kuti ndanama."

Ndinagwira bondo la ulusilo, linali lozizira bwinobwino. Nditagwira kakolo wamanzere ndinachotsa dzanja msanga. Kutentha kwake ngati simbi yomwe ndinasitira m'mawa, ndipo anali atatupa. Bodza silitentha. Ndinaika dzanja pachifuwa pake. Mtima unkagunda ngati wangochoka kothamanga, chonsecho mwanayo sanathamange chidzukire.

Beseni ndinalisiya pomwepo ndi thovu lake. Ndinamubereka, miyendo yake ikundimenya m'mawondo, ulendo wa kuchipatala.

Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Anakoka ulusi uja ndi chala.

"Kodi mayi, mwayamba kwina musanabwere kuno?"

"Ayi, ndi bambo ake. Amafuna amugwire bodza, poti ululu ukumasamuka."

Kumwetulira kunawathera. "Ukusamuka?"

Anaika chomvetsera mtima chija pachifuwa cha mwana. Anamvetsera, n'kusuntha, n'kumvetseranso. Ine ndimadziwa kuti akangoika n'kuchotsa ndiye kuti zili bwino. Awa sanachotse. Anamugoneka cham'mbali, n'kuitana mnzawo kuti amve nawo. Ndinakhala pampando popanda wondiuza.

"Masabata apitawa anadwalapo pakhosi?"

"Mwezi watha. Ankalephera kumeza, thupi litatentha. Ndinamupatsa panado ndi madzi a mchere, panapola pokha."

"Pakhosipo panapoladi," anatero. "Koma pali tizilombo tina ta pakhosi tomwe khungu lake limafanana ndi mnofu wa mtima ndi wa m'malo olumikizirana mafupa. Asilikali a m'thupi mwake anaphunzira nkhope ya tizilomboto, anatimenya. Tsopano akaona chofanana nato akumenyanso. Dzana bondo, lero kakolo."

"Ndiye tizilomboto tili mumtima?"

"Ayi. Amene akumenya mtimawo ndi asilikali ake omwe."

"Auzeni asiye!" Ndinamva mawu anga atakwera, odwala ena panja n'kusuzumira.

"Tiwaziziritsa ndi mankhwala. Miyendoyi ichira, musadandaule nayo. Chomwe ndikufuna ndione ndi timakomo ta mumtima, tomwe timatseka kuti magazi asabwerere."

Anamugoneka m'kachipinda ka makina ounikira, n'kumupaka mafuta ozizira pachifuwa. Pagalasi panaoneka zinthu zotuwa zikutseguka n'kutseka. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma chitseko chosatseka bwino ndimachidziwa. Kakomo kamodzi kankasiya mpata.

"Ako kakudontha?" ndinafunsa.

"Pang'ono. Tafika nako nthawi idakalipo. Koma tizilombo tija tikadzabweranso pakhosi, asilikali adzadzukanso, ndipo ulendo uliwonse kakomoko kazinka kawonongeka. Ndiye jakisoni mwezi uliwonse, mpaka atakula. Osadumphitsa, ngakhale akuoneka wamphamvu."

Bambo ake anafika madzulo ndi zovala za kuntchito, magalasi owotcherera adakali pamutu. Anaima kumiyendo kwa bedi. Kamphepo anakoka bulangeti n'kuonetsa bondo.

"Adadi, ulusi sindinauchotse. Koma ululu wasamukadi."

Iwo anagwada, n'kudula ulusiwo ndi mano. Anauika m'thumba la malaya. Mpaka lero sindinawafunse kuti anautaya kapena ayi.

Zomwe zinatipita ndi izi. Adona a kumtunda anapeza wina wowachapira, poti zovala zawo zinagona m'beseni mpaka kununkha. Teremu imeneyo Kamphepo sanalembe mayeso, wabwereza kalasi. Mpikisano wothamanga wa kusukulu anauonera pansi pa mtengo, ndipo adokotala akuti za kuthamanga tikambirana akaunikanso. Mwezi uliwonse ndimataya m'mawa wathunthu pamzere wa jakisoni, iye n'kubwerako akutsimphina, osandiyankhula mpaka kunyumba. Mng'ono wake akangoti pakhosi, ndimasiya chilichonse chomwe chili m'manja, kaya ndi moto uli pambaula. Ndipo m'mawa uliwonse, ndisanapite kumpopi, ndimayamba ndaika dzanja pachifuwa cha Kamphepo.