Nambala ya m'kolala

"Kampani imene ingandilole ine kuchoka sinabadwe," anatero a Loya, akumenya tebulo ndi kapepala konyezimira ka kampani ina komwe anakatola pageti. "Ndikangotsokomola kuti ndikupita kwina, onse amagwada, mpaka mlonda wawo."

Uloya wawo sunachokere kukhoti. Mkuluyu anali wokonza mawotchi, ndipo anthu atayamba kuonera nthawi pafoni, chida chomwe chinawatsalira chinali pakamwa. Chaka chilichonse ankaimbira kampani yomwe inkawapatsa TV, intaneti ndi foni ya patebulo pabilu imodzi, n'kulamula mwaukali kuti adule zonse chifukwa apeza kotchipa. Pamenepo ankawalumikiza kwa mtsikana wa mawu okoma, amene ankawapempha kuti "bwana, musatisiye," n'kuwatsitsira mtengo. Zinatheka kasanu. Ndipo kasanu konse akazi awo, Mayi Telala, ankamvetsera ali kuseri kwa makina osokera.

Za TV mayiwa analibe nazo ntchito, inali ya mpira wa abambo. Chowasowetsa mtendere chinali nambala ya foni ija. Inalembedwa pachikwangwani cha pageti, ndipo inasokedwa pakansalu koyera m'kolala mwa diresi lililonse ndi yunifolomu iliyonse yomwe anasoka zaka khumi ndi zinayi. Makasitomala ambiri sankadziwa kuti nyumba yawo ili pati. Munthu ankangosirira diresi la mnzake, n'kumutembenuza kolala, n'kuimba. Nambala imeneyo ndiyo inkadyetsa banja. Koma inali m'dzina la a Loya, chifukwa tsiku lomwe anabwera kudzakoka waya, mayiwa anali kuchipatala akubereka mapasa.

"Bambo a mapasa," anatero mayiwa akudula ulusi ndi mano, "kampani ya pakapepala kanuko waya wake sufika mumsewu muno. Mayi wa saluni anawaitana, anamuuza kuti umathera pomwetsera mafuta paja."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukuti tipita kuti?"

"Ndani wanena zopita? Kapepalaka n'koopsezera basi. Inu sokani, za nzeru mutisiyire ife."

Lachinayi, a Loya atapita kukacheza kometera, mayiwa anaimba okha kukampani kuti nambala ilowe m'dzina lawo. Anamvera kanyimbo kamodzimodzi mpaka khutu linatentha. Pamapeto pake munthu anawauza mwaulemu wosathandiza kuti zimenezo angapemphe ndi mwini akaunti yekha. Lachisanu anasiya diresi la mkwati lili theka, n'kupita kushopu ya kampaniyo. Anawapatsa kapepala ka pamzere, anakhala pampando wa pulasitiki mpaka miyendo inachita dzanzi. Wapakauntala atawamvera, anamwetulira ndi mano onse.

"Mayi, zimenezo timachitira pafoni."

"Pafoni akuti abwere mwini wake."

"Eya, ndiye aimbe mwini wakeyo. Wotsatira!"

Atabwerera kunyumba anayesa njira yofatsa. Anasita malaya a abambo osawapempha, anawathirira tiyi, kenako anati mwina chaka chino angolipira mmene zilili, iwo awonjezerapo. A Loya anawayang'ana ngati awatukwanira makolo.

"Ine kulipira mtengo wa anthu wamba? Mukufuna kometera andiseke?"

Loweruka masana kunabwera mlongo wawo wa Mayi Telala, makanika wa zala zosayera, kudzaonera mpira. A Loya anaona kuti omvera apezeka. Anatsitsa mawu a TV, anakokera foni pakati pa tebulo, anadina batani loti aliyense azimva.

"Alamu, khalani bwino. Sukulu iyi n'njaulere lero lokha."

Mayi Telala anali chiimire pakhomo la chipinda chosokera, mapini anayi ali pakamwa, nsalu ili paphewa.

Foni inaitana kawiri. Kunayankha mawu a mzimayi, osalala ngati mbale yatsopano, osapuma mpweya. Anati kuti makasitomala asamadikire, kampani yakhazikitsa njira yodzithandiza wekha. Wofuna kuthetsa mgwirizano adine folo.

A Loya anadina folo ndi chala chapakati, mwamatama.

"Mwasankha kuthetsa TV, intaneti ndi foni. Nambala yanu idzachotsedwa, ndipo simudzatha kuitenganso. Ngati mukuvomereza, dinani wani."

Mayiwa anafuna kukuwa, koma mapini anawatseka pakamwa. Anayamba kuwalavulira m'manja limodzilimodzi. Pamene lachinayi linkatuluka, a Loya anali atadina kale.

"Amayamba choncho," anatero akutsinzinira mlamu wawo diso. "Kuopseza. Tsopano akuthamanga kukaitana mtsikana uja."

"Alamu," anatero makanika akukanda chibwano, "ameneyu si munthu. Ndi makina. Alibe mawondo ogwadira."

"Makina ali ndi bwana wake. Bwanayo akumvetsera."

"Bambo a mapasa, chonde," anatero mayiwa. "Ikani foniyo pansi. Chonde. Ndikupemphani."

Akanatha kuzula waya kukhoma, unali pafupi ndi phazi lawo. Anauyang'ana. Anayang'ana mlongo wawo, amene mawa lake akanafotokozera abale onse mmene alamu anazulidwira waya pamaso pa mlendo. Anayang'ana amuna awo, omwe chiyambire kutha kwa mawotchi nkhope yawo inkawala chonchi kamodzi kokha pachaka. Phazi linakana kusuntha.

"Kuti titsimikize kuti ndinu mwini akaunti, lowetsani tsiku lanu lobadwa."

Apa mayiwa anapumako pang'ono. A Loya anali munthu woiwala tsiku la ukwati wawo, tsiku lobadwa mapasa, ngakhale tsiku lotaya zinyalala. Koma lawo lobadwa analowetsa osaphonya, akuimba kamluzu.

"Zikomo. Funso lomaliza. Kodi mukutsimikiza? Dinani wani kuti muthetse, kapena thuu kuti mukhalebe nafe."

"Thuu, alamu," anatero makanika. "Thuu ali apoyo, pafupi pomwepo."

"Achimwene, agwireni dzanja!"

"Ine ndigwire dzanja la mwamuna m'nyumba mwake?"

A Loya anakweza chala m'mwamba kuti onse achione. "Apa ndiye pamene amasiyanira amuna ndi anyamata. Ukadina thuu, adziwa kuti ndiwe wamantha, chaka chamawa akukwezera kawiri. Ukadina wani, mtsikana amabwera akuthamanga. Mvetserani bwino mmene andipemphere."

Anadina wani. Anatsamira kumpando, anapinda manja pamimba, n'kukonza kukhosi kuti ayambe kukana.

"Mgwirizano wanu wathetsedwa. Zikomo pokhala nafe zaka khumi ndi zinayi. Tsiku labwino."

A Loya anaweramira pafoni.

"Halo? Halo, mtsikana? Ndine ndemwe uja wa chaka chatha."

Kumbuyo kwawo, wosewera wina anali atangodutsa anthu awiri, watsala ndi goloboyi yekha. Chithunzi chinaima mwendo uli m'mwamba, kenako TV yonse inasanduka buluu. Tinyali tobiriwira ta kabokosi ka intaneti tinazima kamodzikamodzi. Mayi Telala anawoloka chipinda, mapini akuwabaya m'manja osawamva, ananyamula foni n'kuiika kukhutu. Munalibe ngakhale kamluzu koti foni ili moyo.

"Dikirani," anatero a Loya, mawu atachepa. "Aimba okha."

"Aimba pati, alamu?" anafunsa makanika.