Mayuro 46 Anga Ali ku Galaja

Gaëtan Wacogne, mwini galaja ya kuseri kwa tchalitchi, ali ndi ndalama zanga, mayuro 46, ndipo masiku akwana 41 asanabweze. Sindinamubwereke ayi. Anachita kundidyera masanasana, ine ndili chiimire pomwepo, pa babu imodzi ya galimoto. Ndalamazo ndikuzifuna, ndipo ndikuzifuna pamodzi ndi lisiti lolemba yekha kuti anandiwonjezera mtengo. Chifukwa chake sindibisa. Mwana wanga Maryline atuluka m'chipatala Lachisanu lino, ndipo pali funso lomwe anandifunsa, ine osamuyankha. Popanda lisitilo ndilibe poyambira.

Ine ndine Ginette. Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka 13 n'kukalowa fakitale ya nsomba ku doko la Boulogne, komwe ndinatha zaka 34 ndikuchotsa minga, manja ali m'madzi ozizira. Zolembalemba zimandipweteketsa mutu, koma pa ndalama sanabadwe wondipusitsa. Kumsika akandiona amayamba kutsitsa okha ndisanatsegule pakamwa. N'chifukwa chake nyali yakumanzere ya galimoto ya Maryline itazima, makiyi anapatsa ine.

"Pitani ndinu, amayi. Ine akangotchula mtengo ndimati zikomo."

Maryline amasamalira nkhalamba m'makomo mwawo, midzi isanu, kuyambira 6 koloko m'mawa. Mwamuna anamuthawa kalekale. Chigalimoto chakalecho ndiye chinali ntchito yake yonse, ndipo apolisi anali atamuimitsa kale kamodzi chifukwa cha diso limodzilo.

Ndinamva kumsika kuti m'magalaja masiku ano amalipiritsa ola lathunthu ngakhale angomanga bawuti imodzi. Ndinati tikaone. Ndinatenga kawotchi kanga kophikira mazira, kaja kochita kupotokola, n'kukaponya m'thumba la jekete.

Gaëtan ndinamudziwa ali wamamina. Mayi ake, malemu Odile, tinkaima tebulo limodzi kufakitale. Lero ali ndi dazi, ana atatu ndi kompyuta pakauntala.

"Aa, mayi Ginette! Kawotchiko n'kachiyani, tiphika mazira?"

"Tiphika iweyo. Babu yakumanzere. Yamba."

Ndinakapotokola mpaka pa 60 n'kukakhazika pabenchi lake. Iye anaseka, anakweza galimoto pamakina, anachotsa tayala, n'kulowetsa mkono kuseri kwa nyali mpaka m'phewa. Magalimoto a masiku ano anawapanga choncho, babu umaifikira ngati ukubereketsa ng'ombe. Koma manja ake ndi achangu, pamenepo sindingamunamizire.

Asanabwezere tayala anandikodola.

"Tabwerani kunsi kuno, mayi, muone ndi maso anu."

Anandiloza kapaipi kowonda ngati pensulo. Anakakanda ndi chikhadabo, dzimbiri linayoyoka ngati mamba a nsomba.

"Kameneka n'ka mabuleki. Mphepo ya kunyanjayi ndi mchere wothira m'misewu zakadya. Mundisiyire galimoto mpaka mawa, mayuro 95, ndisintha."

"Maliza kaye chomwe ndabwerera."

Pomwe amatsitsa galimoto, kawotchi kanali pa 46. Ndiye kuti ntchito yonse, kuphatikiza zondionetsa dzimbirizo, mphindi 14. Pakauntala kompyuta inalavula pepala: babu mayuro 9, ntchito mayuro 60.

"Ntchito yake iti?"

"Ola limodzi. Zalembedwa pakhomapo, mayi. Ntchito iliyonse imayambira pa ola."

"Khoma lagwira sipanala? Ola lako ndi mayuro 60, ndiye mphindi imodzi ndi yuro imodzi. Wagwira 14. Izi 46 wazigwirira kuti, kutulo?"

"Mayi, nyumba ino ndi ya lendi. Makina okwezawa kubanki sindinamalize. Magetsi, msonkho, inshulansi. Wina babu yomweyi akanatha ola ndi theka, n'kuthyolanso mapulasitiki. Mukufuna mundilange chifukwa ntchito ndimaidziwa?"

"Ine zaka 34 ndinali wachangu kuposa tebulo lonse. Ukudziwa chomwe ankandipatsa ndikamaliza msanga? Bokosi lina la nsomba. Amayi ako akanakuuza."

Apo sanaseke. Koma makiyi anali m'thumba mwake, ndipo Maryline anali ndi nkhalamba zake m'mawa mwake. Ndinalipira, mayuro 69, ndikuwerenga mokweza kuti amve kuwawa kwake.

"Nanga paipi ija?"

"Wandimeta kale ubweya, ukufunanso chikopa?"

"Sindikuseka, mayi Ginette. Ingathe chaka, ingathe sabata."

"Inde, mumatero nonse. Munthu wabwera ndi chipere, inu mwamupeza ndi matenda a mtima."

Anatulutsa pepala lina. Akuti mwini galimoto akakana ntchito ya mabuleki amasaina kuti anauzidwa. Anandiwerengera ndithu, mawu onse, koma makutu anga anali atatseka ndi mkwiyo. Ndinasaina mochita kuboola pepala, ndinalanda makiyi, n'kutuluka osatsazika.

Madzulo Maryline anandipeza ndikusenda mbatatesi. Ndinamuuza za ola labodza lija. Kenako ndinati, "Amafunanso kuwonjezera 95 ya zinthu zopanda mutu, ndamukaniza." Mawu akuti mabuleki sanatuluke pakamwa panga. Sindinabise dala. Kwa ine nkhani inali ya wakuba, osati ya paipi. Iye anandipsompsona pamutu.

"Amayi inu, boma likanakulembani ntchito."

Patapita masiku naini, m'mawa kukugwa kamvula, Maryline ankatsika chitunda cholowera m'mudzi wachiwiri. Kutsogolo kunali thirakitala yokoka ngolo. Anaponda buleki, phazi linangomira mpaka pansi. Ozimitsa moto anachita kudula chitseko kuti amutulutse. Mwendo wamanzere madokotala anaudula m'munsi mwa bondo tsiku lachitatu.

Wa inshulansi atayendera chigoba cha galimotoyo ananena zomwe ndinkadziwa kale: kapaipi kanaphulika. Sabata yatha ndikumupesa tsitsi m'chipatala, Maryline anandigwira dzanja.

"Amayi, Gaëtan uja galimoto anaikweza m'mwamba, si choncho? Tayala anachotsa. Ndiye sanaone kanthu?"

Ndinati ndikaitane nesi, madzi a m'botolo atha. Madziwo anali odzaza.

Tsopano akuti akangotuluka akaonana ndi loya, amusumire Gaëtan. Loya akakafika kugalaja akamuonetsa pepala lokhala ndi dzina langa. Ndiye Lachisanu lisanathe ndiyenera kumuuza ndekha. Ndipo ndikamuuza, ndikufuna m'dzanja langa mukhale lisiti. Ndidzati, mwana wanga, taona, munthuyu wavomera yekha kuti anandibera tsiku lomwelo, mphindi yomweyo. Wakuba akakuuza kuti paipi yaola, iwe ungamukhulupirire? Ndi chokhacho chomwe ndili nacho. China ndilibe.

Kawiri ndinafika pa tchalitchi n'kubwerera. Dzulo ndinalowa m'galajamo.

Anali pansi pa galimoto ya munthu wina. Ataona nsapato zanga anatuluka, anapukuta manja nthawi yaitali, chinsanza chomwecho kutembenuza uku ndi uku. Waonda.

"Mayi Ginette. Maryline ali bwanji?"

"Ali ndi mwendo umodzi. Ndabwerera 46 yanga."

Anakatseka chitseko cha ofesi. Anatsegula dirowa n'kutulutsa envelopu yonenepa.

"Umu muli 600. Ine ndi akazi anga. Tinkasowa poyambira kubwera nayo. Ndipo kuseriku kuli galimoto yosintha yokha magiya, yosafuna mwendo wamanzere. Ndaikonza yonse, mapaipi onse ndi atsopano. Akachira adzatenge, sindikufuna kanthu."

"Ndakupempha chithandizo ine? Ndaoneka wopemphetsa?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye bweza envelopu yakoyo. Mayuro 46, ndi pepala. Ulembe kuti pa babu unandilipiritsa mopitirira."

"Tengani 46 mu envelopumo."

"Usandiyese mwana. Ndati ndi pepala."

Anakhala pampando n'kundiyang'ana. Maso ake ndi a Odile enieni, zinandinyansa.

"Simunamuuze."

"Si nkhani yako."

"Mukufuna mukamuonetse kuti ine ndine wakuba."

"Si ndiwe?"

"Mtengo uli pakhoma zaka sikisi. Adokotala amalipira womwewo, abusa womwewo. Mlamu wanga weniweni amalipira womwewo."

"Kubera anthu onse mofanana si chilungamo, Gaëtan. Ndi kuba kwadongosolo basi."

"Chabwino. Ndilipiritse pa mphindi. Babu 14, fiyuzi 3, waipa ya pagalasi 2. Pofika Khirisimasi ndatseka, nonse muzikapita ku Boulogne komwe ola ndi 90 ndipo sakudziwani ndi dzina lomwe. Ntchito zazing'onozi ndi zomwe zimayatsa magetsi muno, mayi. Zazikulu zimabwera kamodzi pamwezi."

"Ndiye magetsi ako ndayatsa ndine."

"Inu ndi ena onse."

Kunja wina analiza hutala kufuna mpweya wa matayala. Sanadzuke.

"Mukuganiza ine ndimagona?" anatero. "Tsiku lililonse ndimati ndikanabisa makiyi. Ndikanati galimoto yakana kulira. Ndikanamuimbira Maryline yemweyo, nambala yake ndili nayo. Ndinakusainitsani pepala n'kudziuza kuti ndathana nazo. Chimenecho ndiye mlandu wanga, ndipo akandifunsa ndidzavomera pamaso pake. Koma babu ayi."

"Tamvera tsono," ndinatero. "Ukanandiuza 14 tsiku lija, kapena 20, ngakhale 25, ine 95 ija ndikanaitulutsa. Inali m'chikwama. Ndinabwera ndi 200. Unandionetsa dzimbiri ndi dzanja ili, dzanja linali likundipisa m'thumba. Ndikanadziwa bwanji dzanja lonena zoona?"

Anayang'ana pakhoma pomwe pali mitengo yake, mapepala achikasu ndi utsi. Mumtima ndinati wagwa, atenga cholembera. Pamsika munthu akafika pamenepo ndimadziwa kuti watsala pang'ono, umangofunika kusalankhula. Ndinatseka pakamwa.

"Mwina," anatero potsiriza. "Mwina mukanatulutsa. Zimenezo ndidzafa nazo."

"Ndiye lemba."

"Ndikalemba, Maryline adzakhala moyo wake wonse akudziwa kuti Gaëtan ndi wakuba ndipo anamudula mwendo. Loya adzalitenga pepalalo, m'tauni muno aliyense adzalimva. Ndipo si zoona. Ine ndinakuuzani. Ndinakuitanani kunsi kwa galimoto, munaona ndi maso anu."

"Ndine mayi ake, Gaëtan. Akatuluka adzagona m'nyumba mwanga. Wom'sambitsa ndine. Womunyamula kupita kuchimbudzi ndine. Ukufuna azindiyang'ana bwanji?"

Mawu anga anatuluka oonda, sindinawakonde. Pa moyo wanga sindinapemphepo munthu kuti anditsitsire mondimvera chisoni. Ndimatsitsa ndi mkangano.

"Ndipite nanu Lachisanu," anatero. "Tikanene tonse awiri. Inu zanu, ine zanga."

"Sindikufuna ondiperekeza. Ndikufuna 46 ndi lisiti."

"Envelopu ilipo. Galimoto ilipo. Pepala munasaina lija lili m'dirowa muno, sindipita nalo kwa aliyense pokhapokha atandifunsa."

"Koma akufunsa."

"Akandifunsa ndipereka."

Ndinamenya pakauntala mpaka zolembera zinadumpha. Ndinamutchula mayina omwe sindingalembe pano. Ndinamukumbutsa kuti ali khanda ndinamupatsako mkaka wa m'botolo la Maryline, Odile atasowa ndalama sitiraka itavuta kufakitale. Zonse anangomva, mutu uli pansi, ngati munthu woyenda pamvula wopanda ambulera.

Nditatopa, anadzuka. Anafikira pashelefu pamwamba pa kompyuta, pakati pa mabotolo a oyilo, n'kutsitsa kanthu koyera. Kanali kawotchi kanga. Tsiku lija ndinakaiwala ndi mkwiyo, ndipo masiku onsewa ndimayesa kanagwera kuseri kwa chitofu.

"Kanalira mutapita kale," anatero. "Ndinadzidzimuka, ndinagwetsa sipanala."

Anakapukuta ndi chinsanza chake, ananditambasula dzanja, n'kukaika m'chikhatho changa.

"Chanu chomwe ndili nacho ndi ichi chokha, mayi Ginette. Za babu sindibweza. Lero ayi, Lachisanu ayi, tsiku lina lililonse ayi."