Magetsi Osunga Nthawi ya Swala

Sumayya anabwera kwawo ku Mzimba Boma ndi kachidutswa ka sola yakale ndi mita yobwereka kuyunivesite. Ntchito yake inali kuyeza mmene magetsi amanjenjemerera podutsa m'kachidutswako. Mkati mwa sola yamtunduwu zinthu sizinayalane bwino, ndiye magetsi amakwera pang'ono, kutsika pang'ono, mwachisawawa. Lipoti linkafunika Lolemba, ndipo popanda lipotilo sakanamaliza sukulu chaka chimenecho.

Kachidutswako sikankafuna kuwala poyeza. Choncho anakatsekera m'chitini cha mabisiketi chimene anachipeza chopanda kanthu pashelefu ya pabalaza, mawaya n'kutulukira pakabowo kupita ku laputopu. Laputopuyo inalemba manambala masabata awiri.

Loweruka masana atawaunjika manambalawo, anagwira m'mutu. Pakati pa kunjenjemera kwachisawawa kuja panali kudumpha kwakukulu, kakhumi pa tsiku, kuwirikuwiri.

"Amayi, zandivuta," anatero kwa mayi ake, a Mwanasha, amene ankasankha mpunga pakhomo. "Zachisawawa sizisunga nthawi. Koma izi zikudumpha, pakapita mphindi makumi awiri n'kudumphanso. Kapena mita ndi yakufa, kapena ndatulukira chinthu chimene dziko lonse silikuchidziwa."

"Iwe kutulukira? Supuni m'kabati umachita kufunsa," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Tsiku lililonse n'chimodzimodzi?"

"Kupatula Lachisanu masana. Pamenepo mpata wake ukupitirira ola."

A Mwanasha anaika lichero pansi. "Lachisanu masana? Magetsi akowo ndi Asilamu chomene."

Nthawi yomweyo analowa a Ilyasi, bambo ake, kuchokera kushopu, atasamba kukonzekera mapemphero, m'manja mukudontha madzi. Anapita pashelefu, kutsegula chitini chija mwaulemu, kutulutsamo tasibihi yawo, mikanda yopempherera, n'kutsekanso bwinobwino. Pa laputopu mzere woonetsa magetsi unadumpha.

"Ababa! Mumatsegula chitinichi?"

"Ndi changa, mama. Tasibihi imagona m'menemu usanabadwe. Tsiku lija ndinabwera kuchokera kumzikiti n'kupeza mlendo walowamo, ndinangoti mbwenu, azikhala awiri. Kagalasi kakoko sindinakakhudzepo."

"Koma kuwala kumalowa!"

"Aa. Kakuopa dzuwa? Sola?"

Sumayya anakhala pansi, misozi ili pafupi. Masabata ena awiri oyambiranso analibe.

A Ilyasi anayang'ana mzere uja kwa kanthawi, kenako anakachotsa kalendala ya nthawi za swala, mapemphero asanu a tsiku, pakhoma. "Ine sindichedwa kumzikiti. Onamo umu, udziwa pamene ndinatsegula."

Anafananiza tsiku ndi tsiku. Kudumpha kulikonse kunali ndi swala yake: koyamba potenga tasibihi, kachiwiri poibweza. Atadula mphindi zimenezo, manambala otsalawo anaunjikana bwino, ambiri pakati, ochepa m'mbali, ndipo anali okwanira lipoti. Kunatsala Lachiwiri limodzi lokha: madzulo ake mzere sunadumphe konse.

A Mwanasha anasuzumira. "Bambo ake Sumayya, Lachiwiri lija munati mukupita kumzikiti."

"Yewo, yewo," anatero a Ilyasi, akufunafuna nsapato. "Mwana atumize lipoti. Zinazo si za sukulu."