Dzina Limene a Rabson Anatchula

"Mbuziyo mubwerere nayo," anatero Kelvin ataima pakati pa njira yolowera pabwalo. "Pano sitidya zanu."

A Isaac, mng'ono wa malemu a Rabson Sakala, atate ake a Kelvin, anaima pomwepo chingwe chili m'manja. Mbuzi inkakokera kunkhokwe kumene kunali makoko a chimanga. Azimayi amene ankasesa phulusa la moto wa pamaliro analeka kusesa.

"Ndi ya mawa pometa," anatero a Isaac motsitsa mawu. "Anali mkulu wanga, Kelvin."

"Mwakumbukira lero?"

Angela, mlongo wake wamkulu wa Kelvin, anatuluka m'nyumba akupukuta m'manja pachitenje. Ankaphunzitsa kusekondale ku Katete, ndipo anali atafika kumudzi kuno, kufupi ndi Sinda, atate ake atatsirizika kale.

"Kelvin, ndi atate aang'ono amenewo."

"Atate aang'ono anu, asisi. Ine anga tinawaika dzulo."

A Isaac anamangirira mbuziyo kumtengo wa mango kunja kwa mpanda, nabwerera kwawo akutsimphina pang'ono.

Mkangano wa abale awiriwa unali wa malire a munda. Atate awo powagawira anabzala mzere wa nkhadze pakati, koma chaka china moto wolusa unaupsereza, ndipo kuyambira pamenepo mvula ikayandikira aliyense ankati mnzake wamudyera mizere. Kelvin anakulira m'mkanganowo. Atasiya sukulu kuti azithandiza kumunda, ndiye anakhala mlonda wa malirewo. Anazulapo thonje la a Isaac dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo m'mudzi monse ankamudziwa kuti ndi mnyamata wosaseweretsedwa.

Tsiku limene a Rabson anagwa, anali ndi Kelvin m'munda momwemo akutola thonje. Thumba linawapulumuka, pakamwa panapotoka. Anakweza dzanja kuloza kumunda kwa mng'ono wawo, natchula kuti "Isaac", nabwerezanso. Sanayankhulenso mpaka kumwalira kuchipatala.

Masana a tsiku la mbuzilo, Angela anapita kuseri kwa khola kukataya madzi otsukira mbale, ndipo anamva fungo la petulo. Kelvin anali atanjuta pamenepo ndi mnzake Felix, woyendetsa njinga yamoto, chigubu chachikasu chili pakati pawo.

"Alendo akangobalalika mawa," ankatero Felix. "Denga lawo ndi la udzu, silichedwa."

Ataona Angela, Felix anadzuka, nasasa fumbi pathalauza, nachoka osapereka moni.

"Mukufuna kuotcha nyumba muli anthu?" anafunsa Angela.

"Atuluka. Tikufuna asamuke basi."

"Muli adzukulu awo m'nyumba imene ija. Ukathera kundende, Kelvin."

"Inu simunalipo." Anaimirira, maso ali psuu. "Ine atate anagwera m'manja mwanga. Anawaloza. Anawatchula. Mukufuna umboni wina wotani?"

"Ndiuze wonse umene uli nawo."

Kelvin anayamba kuwerenga pazala. Chaka chatha pokangana, a Isaac anati tiona amene adzalime pano. Kadzidzi analira pamtengo wa mango sabata imene atate anagwa. Galu wa a Isaac anapezeka akukumba pamalire. Usiku wa maliro anthu onse ankalira, koma iwo anangokhala duu, maso ali gwa.

"Nanga kumanda?" anatero Angela. "Ndinawaona ine. Analira mpaka kuchita kuwagwira."

"Misozi yachinyengo imeneyo. Ankafuna anthu awaone."

"Ndiye akapanda kulira ndi mfiti, akalira ndi mfitinso. Akanachita chiyani kuti iwe unene kuti si iwo?"



"Kukoleji anatiphunzitsa zimenezi," anapitiriza Angela. "Mutu wa munthu ukagwira nkhani, umangotola zogwirizana nayo. Zotsutsa umazidumpha ngati sunazione. Kadzidzi uja walira pamango paja kuyambira tili ana, koma iwe wamumva sabata imodzi yokha."

"Zakukoleji," anatero Kelvin monyodola. "Chabwino, aphunzitsi. Inuyo mukuti chawapha n'chiyani?"

"BP. Ndi kusamwa mankhwala." Mawu ake anakwera osazindikira. "Ndapeza botolo pawindo lili lodzaza, losatsegula n'komwe. Amayi ndi mapemphero awo aja a kuphiri, ndikudziwa anawauza kuti asiye mapiritsi, akhulupirire. Ukufuna wolakwa? Yambira m'nyumba muno."

Kuseri kwa windo la kuchipinda kunamveka kutsokomola.

"Angela. Kelvin. Lowani kuno."

Amayi awo, a Hilda, anali pamphasa pamene anakhala chiyambire maliro, duku lakuda lili kumutu. Azakhali a Mercy, mlongo wa malemu, anali pambali pawo. M'chipindamo munali mdima ndi fungo la anthu ambiri.

"Botolo liti limene ukunena?" anafunsa a Hilda.

Angela analoza pawindo, nkhope ikumutentha.

"Limenelo ndinakatenga ndine kukiliniki sabata yatha, poona kuti linalo latsala pang'ono. Tanditengera jekete la atate ako pamsomalipo."

Angela anatsitsa jeketelo. Linali likadali ndi ulusi wa thonje m'manja mwake. M'thumba la mkati munali botolo lina lofanana, chizindikiro chake chitafufutika ndi thukuta. Analigwedeza. Munalira timapiritsi tochepa.

"Ankamwa m'mawa uliwonse, ine nditaima pomwepo ndi kapu ya madzi," anatero a Hilda. "Kuphiri ndinkapita, inde, kukawapempherera. Mapiritsi ankamwa. Chibwerere iwe sunandiyang'ane kumaso, mwana wanga. Ndimayesa ndi chisoni."

Angela anakhala pansi mwadzidzidzi. Anakumbukira mmene anamvera ataona botolo lija pawindo. Sanadabwe ayi. Mumtima munangoti, ndinadziwa. Ndipo sanafunse munthu aliyense. Chichokere kumudzi, iye ndiye anali wodziwa zinthu pabanjapo, wobwera ndi basi kudzawongola zimene akumudzi apotoza. Akanakhala ndani ngati amayi ake sanali olakwitsa?

"Pepani, amayi," anatero. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wake. "Waona? Ndimakuphunzitsa iwe panja paja, chonsecho ine ndachita zomwezo. Nkhani ndinabwera nayo kuchokera ku Katete. Botolo ndinangolipeza."

"Zanu ndi zina," anatero Kelvin, koma sanakweze mawu. "Ine ndinamva ndi makutu anga."

"Unamva dzina. Ananena kuti Isaac wandipha?" anafunsa Angela.

"Pakamwa panali patapotoka. Akananena bwanji?"

"Ndiye mawu enawo anaika ndani?"

Kelvin anamenya khoma ndi chikhatho mpaka dothi linayoyoka. Azakhali a Mercy anadzidzimuka.

"Mukufuna ndinene kuti chiyani? Inu munapita kusukulu, ine ndinatsala ndi khasu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuteteza munda uja, kudana ndi anthu, kutukwanidwa pamsika. Ngati a Isaac si mdani, ndiye ine ndakhala ndikuchita chiyani? Ndine chitsiru cha m'mudzi?"

Panja mbuzi ija inkalira.

A Hilda anagwira khoma, nadzuka pang'onopang'ono, namanga bwino chitenje.

"Tiyeni kumunda."

"Alamu, simungatuluke tisanamete," anatero azakhali a Mercy. "Anthu ati chiyani?"

"Bola anene zimenezo kusiyana n'kuti mawa anene za moto."

Kelvin anayang'ana pansi. Sanadziwe kuti windo lija limamva zambiri chotero.

Anayenda mondondozana m'kanjira ka pakati pa mapesi, a Hilda patsogolo. Dzuwa linali litapendeka. Thonje limene a Rabson sanamalize kutola linkayera mbuu m'mizere. Atafika pamalire, Kelvin anapezanso mphamvu.

"Onani nokha, asisi. Musamvere ine. Imani apa muyang'ane."

Angela anaima pamene anamuuza. Zinali zoonekeratu. Mizere ya a Isaac inkatsika kuchokera kumtunda, ndipo chapakati inkakhota n'kulowa m'munda mwawo ngati mimba.

"Ndikuona," anavomera.

"Eya. Zakukoleji zikuti bwanji pamenepa?"

A Hilda sanaime. Anadumpha mzere womaliza, nalowa m'thonje la alamu awo.

"Amayi, kumeneko ndi kwa eni ake!" anakuwa Kelvin.

"Bwera."

Kelvin anazengereza. M'munda umenewo anali asanapondemo chikulire, kupatula tsiku lozula lija. Anawatsatira akuyang'ana uku ndi uku. Anakwera kamtunda mpaka pamtengo wa muwanga umene unali kumapeto kwa munda wa a Isaac. Pansi pake panali mwala waphanthiphanthi.

"Khala apa," anatero a Hilda. "Tsopano yang'ana kwanu."

Kelvin anakhala. Anayang'ana nthawi yaitali, nasuzumira kumanzere, nasuzumira kumanja. Angela anaima kumbuyo kwake, ndipo naye anaona. Kuchokera pamtundapo, mimba ija sinkaonekanso. Chimene chinkaoneka chinali kumunsi, kufupi ndi dambo, kumene mizere ya kwa a Rabson inkapatuka n'kudya ngodya yonse ya munda wa a Isaac. Inali mizere yowongoka bwino, yolimidwa ndi dzanja lamphamvu.

"Ija ndinaunga ndine," anatero Kelvin chapansipansi.

"Atate ako akakangana ndi mng'ono wawo, m'mawa mwake ankalawirira kuno," anatero a Hilda. "Ankati ndikaone kaye mmene Isaac amaonera. Pobwera ankangoti, mai a Angela, kumene kuja nakonso zikuoneka zoona."

"Bwanji sanandiuze?"

"Ankakuuza. Ankayamba ndi kuti Isaac walowa chapakati, iwe n'kunyamuka pomwepo kukatenga khasu. Za kudambo sunkazidikira."

Kelvin anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ndiye potchula dzina paja ankatanthauza chiyani?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Kaya ankamuitana kuti adzawanyamule, kaya ankaloza pamwala pano, kaya analidi ndi mawu owawa. Anapita nazo. Ine sindiika mawu m'kamwa mwa munthu amene sangandikanire."

Foni inalira m'thumba mwa Kelvin. Anaitulutsa, naona dzina la Felix. Inalira mpaka kuleka, niyambanso.

"Felix," anatero Kelvin pomaliza. "Chigubu chija katenge, uthire m'njinga yako." Anamvetsera pang'ono. "Ayi. Sindinati ndaopa. Ndati katenge." Anaizimitsa.

M'thonje munamveka tswatswa. A Isaac anatulukira ndi thumba paphewa, ndipo ataona anthu atatu pamuwanga wawo anaima chapatali. Maso awo anayamba ayang'ana m'manja mwa Kelvin, ngati muli chikwanje.

"Alamu," anatero a Hilda, "tabwera popanda odi."

A Isaac anatsitsa thumba, nasendera pang'ono. Anayang'anitsitsa mnyamata amene anali pamwalayo.

"Mtima unandidumpha," anatero. "Ndimayesa ndi akulu. Ankakhala pomwepo, m'mamawa. Ine ndinkawaona ndili kuseri kwa chulu uko, osadzionetsa." "Ndinkati akuwerenga mizere yanga kuti adzalande. Tsiku lina ndinakumba pansi pa mwalawo kufuna mankhwala amene ndinkati akwirira."

"Munapeza chiyani?" anafunsa Angela.

"Nyerere."

Palibe anaseka. Kelvin sanapepese, ndipo a Isaac sanapemphe kuti apepese. Mphepo inkagwedeza thonje la minda yonse iwiri.

"Chimodzi chokha chinkandisokoneza," anatero a Isaac patapita kanthawi. "Munthu wobwera kudzalanda savula chipewa. Koma iwo akangodumpha malire ankavula, ngati akulowa m'nyumba ya eni. Ankachiika pabondo mpaka kunyamuka."

A Hilda anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka.

Kelvin sanayang'ane munthu aliyense. Anakweza dzanja pang'onopang'ono, navula kapusi yake yofumbira, naiika pabondo, maso ali kudambo.