Dzanja Limodzi la Mayi Ljerka

Mayi Ljerka Bašić anayendetsa tiramu, sitima ya m'misewu, mumzinda wa Zagreb zaka zambiri, mpaka sitiroko inawagwetsa m'khitchini mwawo. Mwendo wakumanzere unatsitsimuka pang'onopang'ono, koma dzanja linakaniratu. Patapita zaka zitatu, aphunzitsi athu anawapempha kuti azibwera kukoleji Lachiwiri lililonse. Ife tinkaphunzira ntchito yothandiza odwala kuti ayambirenso kudzichitira zinthu okha.

Tsiku loyamba anafika atavala jekete la mabatani asanu. Atangoyamba kulimbana ndi batani lapakhosi, Lovro, mnzathu amene ankatiposa tonse pa mayeso, anathamanga n'kuwamasulira onse. Mayiwo anathokoza, kenako anamuuza kuti awamangirenso.

"Mwanawe, mawa m'mawa ubwera kwathu kudzandiveka?"

Lovro anati ayi.

"Ndiye manja akowo uwaike m'thumba."

Tinaimirira mphindi zisanu ndi ziwiri tikuonerera akumasula okha. Atatha anatipatsa buledi ndi batala kuti tipake ndi dzanja limodzi. Buledi ankangothawa m'mbale. Iwo anatisiya tivutike, kenako anatisonyeza mmene amamupanikizira pakona ya thireyi.

Lovro zinamupweteka, moti kwa milungu ingapo ankangokhala kumbuyo. Koma mu Disembala Mayi Ljerka anatiuza kuti akufuna kukulunga okha sarma ya Chaka Chatsopano, chifukwa ya mpongozi wawo imamasuka mumphika. Mmene angakulungire nyama m'tsamba la kabichi ndi dzanja limodzi sankadziwa, ndipo m'mabuku mwathu munalibe. Amene anakweza dzanja kuti akawathandize kupeza njira anali Lovro.

Anapita kunyumba kwa mayiwo Loweruka katatu. Ulendo woyamba masamba onse anang'ambika, ndipo anatiuza kuti mayiwo anakadzitsekera kubafa kwa kanthawi, iye n'kungodikira osakhudza chilichonse patebulo. Ulendo wachiwiri anawafunsa chimene chikuvuta kwenikweni. Iwo anati tsamba limasowa choligwira. Anayesa mbale, anayesa chipande, mpaka kapu ya khofi inathandiza: tsamba mkati, nyama pamwamba, chala chachikulu n'kupinda m'mbali.

Madzulo a pa 30 Disembala Mayi Ljerka anakulunga okha sarma makumi awiri ndi ziwiri m'maola awiri. Sukulu itatsegulidwa anatibweretsera zina m'kapoto. Palibe imene inamasuka. Lovro analawa, n'kunena kuti mchere wachuluka.

"Umenewo si mlandu wa sitiroko," anatero Mayi Ljerka. "Amuna anga akhala akudandaula zimenezo chikwatiranireni."