Aroni Sanapite ku Malawi

Kalata ya ku ofesi ya nyumba inafika Lolemba, ndipo inali ndi mawu ochepa: mlendo amene ali m'nyumba nambala 47 achoke pofika Lachisanu. Loness anaiwerenga kawiri, naipinda, naibisa pansi pa dengu lake lothyolera tiyi. Mlendoyo sanali wina ayi. Anali mchimwene wake weniweni, Aroni, amene anabadwira m'nyumba yomweyo.

Vutoli Loness analiphika yekha. Chaka ndi theka chapitacho Aroni anadwala matenda a maganizo. Tulo tinamuthawa, chakudya anachikana, ndipo ankayankha mawu amene anthu ena sankawamva. Loness anamuperekeza mwakachetechete ku chipatala chachikulu cha kutali, kumene anamugoneka. Pobwerera ku Honde, dera la minda ya tiyi la kunja kwa Malawi kumene ankakhala, manyazi anamugwira. Paja m'komboni ya pa esiteti makoma ndi opyapyala, ukatsokomola amakupepesa ndi wa khomo lachitatu. Anthu atayamba kufunsa, iye anangoti, "Achimwene apita ku Malawi kukafuna abale."

Bodzalo linayenda bwino mpaka linakafika ku ofesi. Pa esiteti imeneyo nyumba ndi za kampani, ndipo aliyense wogonamo amalembedwa pa khadi. Kalaliki atamva kuti Aroni wasamukira ku Malawi, anafufuta dzina lake. Tsopano Aroni wabwera atachira, koma pa khadi palibe. Wosalembedwa ndi mlendo, ndipo mlendo amaloledwa masabata awiri basi.

Nanga akanapita kuti? Anzawo achimanyika, amene ndi eni deralo, zikawavuta amati, "Ndapita kumusha." Loness ndi Aroni analibe mudzi wotero. Bambo awo anachoka ku Thyolo ali mnyamata, nakalambira m'tiyi, naikidwa m'manda a pa esiteti. Munda analibe, malo analibe. Kwawo kunali nambala 47.

Ngati zimenezo sizinakwane, alendo sankatha pakhomo. Munthu wochokera ku Malawi sabwera tsiku ndi tsiku, ndiye achikulire onse ankafuna nkhani. Wakhama kuposa onse anali sekuru Marcel, mlonda wopuma ntchito, amene anachoka ku Muloza zaka makumi asanu zapitazo.

"Ndiuze, mwanawe," anatero sekuru atakhala pa chitini, maso ali gwa pa Aroni. "Mtengo wa mbawa uja wa pa msika ulipobe? Nanga basi mpaka lero imaima pa mlatho?"

Aroni anayang'ana pansi, kenako anayang'ana mlongo wake.

"Achimwene atopa, sekuru," Loness analowererapo msanga. "Ulendo ndi wautali."

"Masiku khumi akadatopabe? Ko, anabwera wapansi?"

Sekuru atachoka, Aroni anatembenukira kwa mlongo wake. Kenako anati, "Loness, kalata wabisa pansi pa dengu ija ndaiona. Usachotsedwe ntchito chifukwa cha ine. Ndipita ku tauni. Anzanga awiri amene tinatuluka nawo m'chipatala amagona pa renki ya mabasi. Malo a munthu mmodzi sangasowe."

Mawu amenewa anamulasa Loness mumtima. Anachita mantha, ndipo anadzida.

Lachiwiri ataweruka, anapita kwa mai Felicitas, mlangizi wa zaumoyo wa m'komboni, amene onse ankawatcha mbuya utano. Anawapeza akuyanika maneti a udzudzu kuseri kwa kiliniki.

"Mbuya, ndili ndi funso la mnzanga wina," anayamba Loness, akupotokola nsonga ya chitenje. "Mnzangayo ali ndi m'bale wake amene anadwala mutu..."

"Mnzakoyo amakhala nambala 47?" anafunsa mai Felicitas, osasiya kuyanika.

Loness anadzidzimuka, nayang'ana uku ndi uku ngati pali womva.

"Usaope, mwanangu. A chipatala anatilembera kuti mankhwala a Aroni azitengera kuno. Ndimadikira kuti mubwere nokha. Sindinauze munthu, ndipo sindingauze munthu. Khala pansi."

Loness anakhala. Anafotokoza za khadi, za kalata, ndi za renki ya mabasi. Atatha, mafunso amene anawasunga chaka ndi theka anayamba kutuluka okha.

"Koma mbuya, bwanji anamutulutsa? Si bwenzi akanangokhala komweko, kumene kuli madokotala?"

"Chipatala si mudzi," anayankha mai Felicitas. "Kale ankasunga odwala otere zaka ndi zaka, mpaka munthu kuiwala kuphika, kuiwala ngakhale njira ya kwawo. Masiku ano munthu akapeza bwino amabwerera kwa abale, n'kumalandira mankhwala pafupi. Amachira msanga ali pakati pa anthu ake."

"Nanga matendawa sapatsirana? Timadyera mbale imodzi."

"Aiwa. Idyani, ngakhale kunyambita mbaleyo."

Loness anaseka pang'ono, koyamba sabata imeneyo. "Nanga chimene chingawadzutsenso n'chiyani?"

"Kusiya mankhwala, mowa, chamba, nkhawa, kusagona. Tsono taganiza: munthu wogona pa renki mapiritsi ake asunga pati? Mvula ikagwa, akabedwa, tsiku la ku kiliniki amukumbutsa ndani? Ambiri amene umawaona akuyendayenda m'tauni anatuluka m'chipatala ali bwinobwino. Chimene anasowa ndi khomo loti alowepo. Nyumba nayonso ndi mankhwala."

"Ndiye nditani, mbuya? Lachisanu si kutali."

"Potuluka anamupatsa kalata yosonyeza tsiku limene analowa ndi limene anatuluka. Kalatayo ikuchitira umboni kuti sanasamuke, anali kudwala. Tikhoza kupita nayo ku ofesi. Koma nkhaniyi mwini wake ndi Aroni. Wamufunsa kuti iye akufuna chiyani?"

Loness anali atamuphikira Aroni, kumuchapira, kumuyankhira mafunso, koma kumufunsa ayi.

Atafika kunyumba anapeza Aroni akukonza chogwirira cha dengu ndi waya. Anakhala pambali pake.

"Achimwene, ndinakulakwirani. Ndinakutumizani ku Malawi osakupemphani. Tsopano ndikufunsa: mukufuna tichite chiyani?"

Aroni anaika waya pansi. "Ine ku Malawi sindikudziwako, mlongo wanga. Mbawa ya sekuru sindinaionepo. Chimene ndikudziwa ndi chipatala, ndipo kumeneko ndinaphunzira kusoka nsapato ndi kulima tomato. Koma sindingauze munthu, chifukwa ndili ku Malawi. Bodzali likundilemera kuposa matenda aja." Analowa m'nyumba, natulutsa kalata ya chipatala m'kati mwa Baibulo. "Tiye nayo. Koma kolankhula ndikalankhula ndekha."

Lachinayi m'mawa anapita atatu ku ofesi ya nyumba. Kalaliki, a Lovejoy, anali munthu wokonda malamulo ndi tiyi wa shuga wambiri. Anawerenga kalatayo, navula magalasi, nawavalanso.

"Ko, mukoma, si inu munapita ku Malawi?"

"Sindinapite," anatero Aroni. "Ndinadwala matenda a maganizo. Ndinagonekedwa, ndalandira chithandizo, ndipo ndikumwa mankhwala tsiku lililonse. Ndinabadwira mu 47. Ndikupempha dzina langa libwerere pa khadi."

A Lovejoy anakanda m'mutu. "Shuwa, ndamva. Koma mundikhululukire, ndifunse. Nanga zikadzayambiranso? Nyumba zathu n'zogundizana, muli ana."

Loness anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anakumbuka mawu a Aroni aja, natseka.

"Zikamayamba ndimadziwa," anatero Aroni. "Tulo timasowa masiku awiri kapena atatu. Ndamuuza mlongo wanga kuti akaona zimenezo tithamangire ku kiliniki. Ngakhale pamene ndinadwala kwambiri paja, sindinamenye munthu. Ndinkangoopa."

"Ndi zoona," anawonjezera mai Felicitas. "Odwala otere ambiri sapweteka anthu, kawirikawiri ndi iwo amene amapwetekedwa. Ine ndizimuyendera sabata iliyonse, ndipo anesi azimuona mwezi ndi mwezi. Ndikufunseni, a Lovejoy: wantchito akagonekedwa ndi chifuwa chachikulu, mumamufufuta pa khadi?"

"Aiwa, ameneyo ndi wodwala."

"Uyunso anali wodwala."

A Lovejoy anatenga kalata ija n'kulowa nayo kwa bwana woyang'anira za antchito. Anakhalako nthawi yokwanira kuphika nyemba, kapena Loness ndiye anaiona choncho. Potuluka anasolola khadi la nambala 47, nalemba dzina la Aroni pansi pa la Loness, nadinda chidindo.

"Za matendazi zithera muofesi muno," anatero. "Koma sisi, tsiku lina musadzatipititsenso anthu ku Malawi."

Kunena kapena kusanena kwa anthu ena kunali kwa Aroni, ndipo iye anasankha kunena. Anayamba ndi sekuru Marcel. Mkuluyo anakhumudwa ndithu kuti za mbawa sadzazimva, koma anamugwira dzanja nati, "Wachira? Basi, nkhani yabwino ndi imeneyo." Ena ananong'onezana masiku angapo, monga anthu achitira, mpaka nsapato zawo zitang'ambika. Aroni anali atayala sitolo yake pansi pa mtengo wa mapeyala pafupi ndi mpope, ndipo ankasoka bwino.

Patapita milungu itatu, masana a Loweruka, kunabwera mai Alesi a ku mzere wa kumunsi, atanyamula nsapato imodzi. Aroni anaitembenuza uku ndi uku. Inalibe pong'ambika paliponse.

"Mai, nsapatoyi ili bwino."

Mai Alesi anayang'ana kumanzere ndi kumanja, kenako anakhala pansi pafupi ndi Loness, amene ankasenda nthochi.

"Ndimafuna kufunsa," anatero motsitsa mawu. "Kalata ija munapita nayo ku ofesi, munthu amaipeza bwanji?"

"Amapereka a chipatala potuluka. Bwanji, mai?"

Misozi inalengeza m'maso mwa mai Alesi. "Mwana wanga Romeo. Ndinauza anthu kuti ali ku Joni. Sali ku Joni. A chipatala andiimbira kawiri kuti wachira, ndikamutenge. Ine ndimangoti mawa, mawa."

Loness anaika mpeni pansi, nawagwira dzanja. Aroni anayamba kulongedza zida zake.

"Tiyeni kwa mbuya utano pompano," anatero. "Tikayambe ndi khadi, kuti akamafika apeze dzina lake lilipo. Ndipo tsiku lokamutenga ndipita nanu. Njira ndikuidziwa."

Matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse, ndipo amachizika. Munthu akatuluka m'chipatala amafunika malo okhazikika ogona, abale omulandira, ndi kiliniki yapafupi yotengerako mankhwala. M'bale wanu akagonekedwa, musamufufute pakhomo. Konzani za kumene adzakhale asanatuluke, sungani makalata a chipatala, ndipo pemphani alangizi a zaumoyo kuti akuthandizeni. Koposa zonse, mufunseni mwini wakeyo chimene akufuna, pakuti moyo ndi wake ndipo pakhomopo ndi pake.